Mimba Ziwiri pa Foni ya Telala

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzapita nayo kumanda. Koma popeza kwathu kuno kwa Mponda ngakhale mbuzi zikuidziwa, ndi bwino muimve kwa mwini wake, chifukwa enawa akumaithira mchere wambiri. Sekani mmene mungathere, ine manyazi anandithera tsiku lomwelo.

Ine ndine Kassimu, telala. Makina anga ali pakhonde la golosale, m'mbali mwa msewu wopita kuchipatala chathu chaching'ono. Ndili ndi mwana mmodzi, Shakira, ndi mkazi mmodzi, Mariamu wa ku Makanjira. Mkazi mmodzi, ndabwereza dala.

Boma litabweretsa njira yatsopano yolembera mankhwala pa kompyuta, ine ndinali woyamba kuomba m'manja. Kale dokotala ankakulembera m'kabuku zolemba zonga popalasa nkhuku. Kabukuko mwina kanyowa ndi mvula, mwina makoswe alawako. Ukafika pawindo la famase akuti mankhwala atha, mubwere mawa. Mawa lakelo wabwera, atha ndithu. Tsopano zimenezo zinapita. Dokotala amangodina pa kompyuta, uthenga wafika kale ku famase iwe usanadzuke pampando. Mankhwala akakhala kuti palibe umabwerera kwanu, ndipo tsiku limene afika foni imalira: dzina lako, mankhwala ako, kamwedwe kake, zonse m'Chichewa chomveka bwino.

Chofunika chinali chimodzi chokha, nambala ya foni.

Tsiku lolembetsa, achipatala anaika tebulo pabwalo la sukulu. Amayi ambiri analibe mafoni, chifukwa mafoni ali ndi amuna awo, ndipo amunawo ena ali kunyanja, ena ku Joni. Ine ndinali nditangogula foni yatsopano, yaikulu ngati mbale, yotsetsereka ndi chala. Foni yotere siikhala m'thumba, imafuna anthu aione.

"Amayi, nambala ya foni?" anafunsa nesi.

"Ndilibe."

Ine kumbuyo: "Lembani yanga!"

"Nanga inu agogo?"

"Lembani yanga!"

Nesiyo, Mayi Gondwe ochokera kumpoto, anasiya kudina n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. "A telala, mukudziwa chimene mukuchita? Mauthenga a anthu onsewa azifikira kwa inu. Za matenda ndi zachinsinsi."

"Sisitala," ndinayankha nditatulutsa chifuwa, "ine ndimayeza ziuno za dera lino lonse. Munamvapo ndikulengeza kuti wakuti wanenepa?"

Anthu anaseka, nesi anapukusa mutu n'kulemba. Nthawi imeneyo Mariamu anali ku Makanjira kukadwazika mayi ake. Atabwerako sindinamuuze kanthu, chifukwa iye amakonda kunena kuti ine ndimalowerera za eni ngati ntchentche pa usipa.

Poyamba zinali zokoma, ndisaname. Foni ikalira, ndinkasiya makina n'kuthamanga. "Che Amini, mapiritsi anu a BP afika!" "Agogo, a shuga aja abwera, akuti muzimwa musanadye!" Anthu anasiya kuyenda maulendo aulele opita kuchipatala, ndipo ine anayamba kunditchula kuti adokotala. Tepi yoyezera ija ndinkaikoleka m'khosi mwadala, ndipo ndinkayenda mofulumira ngati ndasiya munthu pa opaleshoni.

Kenako kunabwera amayi awiri, aliyense payekha, aliyense akunong'ona.

Woyamba anali Abiti Amidu, mtsikana amene mwamuna wake amagwira ntchito ku Joni. Mwamunayo anabwera pa Idi, n'kubwerera anthu ambiri asanamuone.

"A telala, uthenga wanga ukabwera, likhale khutu lanu lokha. Ngakhale akazi anu asamve. Lumbirani."

"Wallahi," ndinalumbira.

Wachiwiri anali Abiti Selemani, mayi wamkulu wa zidzukulu kale, amene mwana wawo wamkazi nayenso anali woyembekezera. Iwo sanathe n'komwe kundiyang'ana kumaso.

"Mwanawe, msinkhu uno anthu akamva andiseka mpaka kumsika. Lumbira."

"Wallahi, amayi."

Amene simuli a kuno mumvetse. Kwathu mimba yaing'ono satchula. Imadzinena yokha ikakula, ndipo akuluakulu amati ukaitchula msanga waiitanira maso oipa. Mayi woyembekezera ukamufunsa, amakana akukuyang'ana m'maso, ndipo palibe amene amati wanama. Choncho mauthenga a awiriwa ndinkakawapereka kuseri kwa nyumba, motsitsa mawu, ndikuyang'ana uku ndi uku. Sindinaganize kuti mwamuna wonong'ona ndi akazi a eni kuseri kwa nyumba amaoneka bwanji kwa odutsa.

Apa ndiulule kuti nanenso ndinali ndi kavuto kanga. Telala amakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo pali malo ena m'thupi amene amatopa nazo. Malo amene munthu sadziona yekha. Ndinapirira, ndinapirira, mpaka tsiku lina Lachiwiri ndinazemba n'kupita kuchipatala, chipewa nditatsitsira kumaso. Sindinadziwe kuti Lachiwiri ndi tsiku la sikelo ya amayi oyembekezera. Ndinaima pakhonde lodzaza ndi mimba, mwamuna ndekha, ndikukana aliyense wondipatsa malo pabenchi. Dokotala anaona zimene anaona, anadina pa kompyuta, n'kundiuza kuti mankhwala ake atha koma ali m'njira, ndidikire uthenga.

Za ulendo umenewo sindinauze munthu.

M'mawa wina ndinasiya foni pamkeka n'kupita kukasamba. Potuluka kubafa, thaulo lili m'chiuno, ndinapeza Mariamu ataima pakati pa bwalo, foni ili m'manja, nkhope ili zii.

"Bambo a Shakira, Abiti Amidu ndi ndani wanu?"

"Kasitomala."

"Kasitomala. Ndiye munamusokera chiyani, diresi kapena mimba?"

Anawerenga mokweza, liwu ndi liwu: "Abiti Amidu, mapiritsi anu owonjezera magazi a amayi oyembekezera afika. Katengeni ku famase."

"Mayi a Shakira, ndifotokoze. Nambala yanga ndinaipereka kwa anthu ambiri opanda mafoni..."

"Ine kusikelo ndinapitako ndi mimba ya Shakira. Amafunsa nambala ya bambo wa mwana! Mwamuna wa Abiti Amidu ali ku Joni. Mimba imabwera pa basi?"

"Anabwera pa Idi!"

"Inu munamuona?"

"Ayi, koma..."

"Ndiye mukudziwa bwanji?"

Ndisanayankhe, foni inaliranso m'manja mwake. Ndinapemphera kuti akhale Che Amini ndi BP yawo. Mariamu anawerenga, maso ake n'kukula.

"Abiti Selemani? Abiti Selemani agogo aja? Kassimu, ngakhale azigogo simukuwasiya?"

"Si zanga zimenezo!"

"Nanga Lachiwiri lija mumatani pakhonde la sikelo? Anthu anakuonani, chipewa chili kumaso ngati wakuba nkhuku."

Apa ndi pamene ndinadzikumbira dzenje ndekha. Choona chinali pakamwa, koma manyazi anachibweza. Ndinati, "Ndimakayeza makatani."

"Makatani."

"Eya. A mawindo."

"Chipatala chija chili ndi makatani kuyambira liti?"

Ndinakuwa mwaukali wa munthu amene watha mawu: "Kafunseni eni akewo ngati simukundikhulupirira!"

Anapitadi. Ndipo eni akewo anachita zimene mayi aliyense wa kuno akanachita. Abiti Amidu anagwira pamtima. "Mimba? Ine? Astaghfirullah! Ndi ugali uwu, ndadya kwambiri. Za foni ya amuna anu sindikuzidziwa." Abiti Selemani anangoti, "Ine msinkhu uno? Mwanawe, ulemu unausiya ku Makanjira?" n'kutseka chitseko.

Mariamu anabwerako. Anatenga foni yanga yomweyo n'kuimbira amalume ake, Che Mussa, amene ndi nkhoswe yake. Kenako anayala zitenje pansi n'kuyamba kumanga mitolo. Mapoto, zovala, mabuku a Shakira, ngakhale mtsamiro.

Pamenepo nthabwala zinandithera. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Mariamu akakwera lole ya ku Makanjira, Shakira akwera naye, ndipo ine nditsala ndi makina ndi foni yaikulu ngati mbale. Ndinachita mantha enieni.

Ndinathamangira kwa Mayi Gondwe kuti andichitire umboni.

"Kuti nambala yanu munaipereka kwa anthu ambiri, ndinganene," anatero. "Koma za wodwala aliyense sindingatchule, ngakhale atabwera ndani. Ndinakuuzani pabwalo la sukulu paja."

"Sisitala, banja likutha!"

"Pepani, adokotala," anatero, ndipo mawu akuti adokotalawo anawakoka dala.

Ndinapita kwa amayi awiri aja kukawapempha. Abiti Amidu anangolira. Abiti Selemani anamvetsera nkhani yonse akusenda chinangwa, osadzutsa mutu. Ndinabwerera chimanjamanja.

Che Mussa anafika pa lole tsiku lotsatira, fumbi lili mpaka m'ndevu, msana utaphwanyika ndi msewu wa ku Makanjira. Munthu amene wayenda msewu umenewo sabwera kudzaseka. Anabwera ndi apongozi anga, mayi ake a Mariamu, amene chikwatirire sitinalankhulanepo maso ndi maso. Tikakumana panjira, wina amapatukira kutchire, monga mwa ulemu wathu.

Mlandu unakhala pabwalo la nyumba yanga titachoka kumzikiti masana. Amayi pamkeka, abambo pabenchi, mitolo ya Mariamu itaunjikidwa pakhomo. Anthu oyandikana nafe anadzaza kumpanda ngati kukuonetsedwa mpira. Foni yanga inali m'manja mwa Che Mussa ngati mbuzi yogwidwa m'munda.

Anandilozera benchi. Benchi la thabwa louma, lopanda chifundo. Ndinakhala chammbali, kenako ndinatembenukira mbali inayo, kenako ndinadzuka pang'ono, n'kukhalanso.

"Taonani," anatero Che Mussa. "Ngakhale kukhala pansi akulephera. Mlandu ukumuluma."

Nkhoswe yanga, achimwene anga Che Idrisa, anandinong'oneza: "Ngati ndi zoona, vomera imodzi, inayo tikane. Ziwiri sitingazithe."

"Achimwene, si zanga!"

"Ndiye ukuvinira chiyani pabenchi?"

Che Mussa anakhosomola. "Che Kassimu, mwana wathu tinakupatsani ndi manja awiri. Lero pafoni panu papezeka mimba ziwiri, ndipo eni ake akukana. Mimba zopanda eni zimakhala za mwini foni. Tiuzeni."

Ndinafotokoza za pabwalo la sukulu, za Che Amini, za agogo a shuga. Iwo anagwedeza mutu.

"Za BP tamva. Tikufunsa za mimba. Amayi awiriwa ndi oyembekezera kapena ayi?"

Bwalo lonse linatchera khutu. Mawu amodzi okha akanandithandiza. Koma ndinali nditalumbira, ndipo kumpanda kunali makutu okwanira kufikitsa nkhaniyo kumsika dzuwa lisanapendeke.

"Zimenezo sindinganene, amalume. Ndinalumbira."

"Munalumbira kwa akazi a eni?"

"Eya."

Kumpanda kunamveka "Hiii!" Mariamu anaphimba nkhope ndi mpango. Che Idrisa anayang'ana kumwamba ngati sakundidziwa.

"Basi," anatero Che Mussa. "Nyamulani katundu. Lole ikubwerera mawa m'mawa."

Mariamu atangogwira mtolo woyamba, anthu a kumpanda anapatuka. Analowa Abiti Selemani, akuyenda ngati akupita kukamenya munthu, akukoka pamkono amuna awo, Che Yusufu, msodzi wokalamba wa mano owerengeka. Kumbuyo kwawo kunali Abiti Amidu atanyamula foni yobwereka kwa mlamu wake. Kumbuyo kwa iwonso kunali Che Amini ndi ndodo yawo, agogo a shuga, ndi gulu lonse la anthu a "lembani yanga".

"Salaam aleikum," anatero Abiti Selemani, osadikira kupatsidwa malo. "Ine manyazi ndili nawo, koma sindingaphe banja la mwana wa eni chifukwa cha manyazi anga. Usiku sindinagone. Mimba ndili nayo, ndipo amene akufuna kuseka aseke. Mwini wake ndi awa."

Che Yusufu anavula chipewa, anamwetulira ndi mano awo onse otsalawo, n'kudzimenya pachifuwa. "Ndine ndemwe! Mumati ngalawa yakale siiwoloka?"

Bwalo linaphulika. Amayi anaimba nthungululu, ndipo mmodzi anathamanga kukawakumbatira Abiti Selemani.

Abiti Amidu anakweza foni ija m'mwamba. Pagalasi panaoneka nkhope ya mwamuna atavala chipewa cha ubweya, akukuwa kuchokera ku Joni: "Mimbayo ndi yanga! Ndinabwera pa Idi! Mumafuna ndiyende ndi ng'oma kuti mundione? A telala ndi munthu wabwino, asiyeni!"

Che Amini anagogoda pansi ndi ndodo. "Mnyamata uyu akanapanda kundithamangira ndi uthenga, bwenzi mutadya kale mpunga wa pamaliro anga."

Abale, chimwemwe chimene ndinamva sindingachifotokoze. Ndinadzuka pabenchi paja, ndipo kudzukako kunali kokoma pa zifukwa ziwiri. Ndinayenda uku ndi uku pakati pa bwalo, tepi ili m'khosi, chala chili m'mwamba.

"Mwamva nokha! Ine ndi munthu wa chitukuko! Boma labweretsa sisitimu, ine ndaifikitsa khomo ndi khomo, ndipo malipiro anga ndi kundiimba mlandu! Ndinalumbira, ndipo ndasunga! Foni imeneyo ndi yoyera ngati mkanjo wa Lachisanu!"

Anthu anaomba m'manja. Che Idrisa, amene posachedwapa ankati ndivomere imodzi, anali akuuza aliyense kuti iye sanakayikepo. Mariamu anali atasiya mtolo uja, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Koma ndinaona kuti m'maso mwake mwatsala kafunso kena.

Pamenepo foni inalira m'manja mwa Che Mussa.

Munthu wanzeru akanati, bweretsani kuno, za matenda ndi zachinsinsi. Ndi mawu amene ndinali nditangotsala pang'ono kutaya nawo banja. Koma ine ndinali nditaledzera ndi kupambana.

"Werengani, amalume! Mokweza! Aliyense amve kuti Kassimu alibe chobisa!"

Che Mussa anaitalikitsa foni, anatsinzina diso limodzi, n'kuyamba pang'onopang'ono ngati mwana wa sitandade wanu.

"Kassimu... Bwanali..."

Ndinatambasula dzanja kuti ndilande foni. "Basi amalume, imeneyo ndi ya..."

"Ngwamba! Ayi! Mwati mokweza." Anakweza mawu. "Kassimu Bwanali, mankhwala anu a matenda a mudzi afika. Katengeni ku famase."

Bwalo lonse linatembenukira kwa ine. Ngakhale nkhope ya ku Joni ija inasendera pafupi ndi galasi.

"Pali zinanso," anatero Che Mussa. "Chenjezo. Musameze." Anaima, anandiyang'ana, n'kubwereranso pafoni. "Musameze. Lowetsani kumbuyo, m'mawa ndi madzulo, mutasamba m'manja."

"Akuti alowetse kuti?" anafunsa Che Amini, amene khutu lina silimva.

"Kumbuyo!" linayankha bwalo lonse.

Kuseka kumene kunatsatira kunathawitsa nkhuku. Che Yusufu anagwa pabenchi. Che Idrisa anagwira pamimba akulira misozi. Wa ku Joni uja netiweki inamudula ali pakati pa chikhakhali. Ine ndinaima pakati pa bwalo, chala chikadali m'mwamba, ndikufunafuna dzenje loti ndilowemo.

Mariamu yekha sanaseke. Anandiyandikira, n'kufunsa motsitsa mawu: "Lachiwiri lija?"

"Eya."

"Makatani aja?"

"Eya."

"Inu bambo inu! Mumalola kuti ndipite ku Makanjira ndi mwana chifukwa cha zimenezi?" Anandimenya paphewa ndi mpango, ndipo kafunso kaja m'maso mwake kanali katachoka.

Che Mussa anapukuta misozi ndi mkanjo, n'kubweza foni. "Mimba ziwiri zija eni ake apezeka. Chachitatuchi palibe amene akulimbirana nanu, Che Kassimu. Mlandu watha."

Apongozi anga nthawi yonseyi anali atayang'ana kumbali monga mwa mwambo. Anadzuka pang'onopang'ono, anapita pamitolo paja, n'kumasula waukulu. Chinthu choyamba kutuluka m'katundu wa Mariamu, chobwerera m'nyumba mwanga, chinali mtsamiro. Anaupereka kwa mwana wawo, maso ali kumpanda, n'kulankhula mokweza kuti ndimve:

"Kawapatse akamwini athu akhalire. Aima mokwanira."

Lole inabwerera ku Makanjira ndi anthu awiri okha amene inabwera nawo. Mankhwala ndinakatenga m'mawa mwake, ndipo anagwira ntchito, Alhamdulillah. Sisitimu ija ndimaiyamikirabe mpaka lero, ngakhale Mayi Gondwe anaitanitsa anthu onse kuti aliyense alembetse nambala ya wachibale wake. Abiti Selemani anabereka mwana wamwamuna n'kumutcha Kassimu. Koma za udokotala zinathera pomwepo. Kuyambira kumsika mpaka kumzikiti, ngakhale makasitomala obwera ndi nsalu, onse amandipatsa moni mwaulemu wonse: "Mwadzuka bwanji, Che Musameze?"

Musanakuwe kuti "werengani mokweza", yambani mwakumbukira kumene munapita Lachiwiri.